Nthenda ya Lyme Yosatherapo: Chiyambi Chake, Mavuto a Odwala ndi Njira Zopezera Bwino

Mawu oyamba

Nthenda ya Lyme munthu amaitenga akalumidwa ndi nkhupakupa yokhala ndi tizilombo totchedwa Borrelia. Imapezeka kwambiri kumpoto chakum'mawa kwa dziko la America, kumwera kwa Canada, m'maiko ambiri a ku Ulaya ndiponso kumpoto kwa Asia. Ochuluka mwa amene aitenga amachira bwinobwino akamwa mankhwala kwa milungu iwiri kapena itatu. Koma alipo ena amene, ngakhale atatsiriza mankhwala onse, amangokhalabe otopa, thupi lili lophwanya, mutu wosagwira bwino, kwa miyezi yambiri mwinanso zaka. Nkhani yathu ikunena makamaka za anthu amenewa.

Ambiri a ife tili ndi ana, abale kapena anansi amene akuphunzira kapena kugwira ntchito ku Britain, ku Ireland, ku Germany kapena ku America. Mmodzi wa iwo akatiimbira foni kuti wapezeka ndi nthendayi, n'kofunika kuti tidziwe chimene akunena. Komanso nthendayi imatiphunzitsa za matenda amene saoneka ndi maso. Wodwala wotere amapanikizika ndi zoopsa ziwiri: kusakhulupiriridwa ndi anthu omuzungulira, ndiponso kudyeredwa masuku pamutu ndi anthu omulonjeza machiritso amsangamsanga. Njira yopezera bwino imadutsa pakati pa maenje awiriwa.

Mbiri ya nthendayi

Dzina loti Lyme lidachokera ku tauni ina yaing'ono ya m'chigawo cha Connecticut ku America. M'chaka cha 1975 amayi awiri a m'deralo, Polly Murray ndi Judith Mensch, aliyense payekha, adadziwitsa akuluakulu a zaumoyo kuti ana ambiri kumeneko akutupa mawondo ndipo akuuzidwa kuti ali ndi nyamakazi ya ana. Nyamakazi imeneyi siioneka kawirikawiri, choncho zidali zodabwitsa kuti igwire ana ambiri a m'misewu yoyandikana. Mayi Murray adali atavutika kwa zaka zambiri ndi matenda osadziwika bwino, ndipo ankalemba m'kabuku zonse zimene iwo ndi ana awo ankamva m'thupi.

Dokotala wina wa pa yunivesite ya Yale, Allen Steere, ndi anzake adayamba kufufuza. Adapeza odwala 51, ana 39 ndi akuluakulu 12, m'matauni atatu a Lyme, Old Lyme ndi East Haddam. Ambiri ankakhala pafupi ndi nkhalango, ndipo matenda awo ankayamba m'miyezi yotentha. Ena adakumbukira kuti asanatupe mawondo adaona banga lofiira pakhungu, limene linkakula tsiku ndi tsiku. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 1977. Banga lotereli silidali lachilendo ku Ulaya, pakuti dokotala wa ku Sweden, Arvid Afzelius, adali atalifotokoza kale mu 1909 ndipo adaliganizira kuti limadza ndi nkhupakupa.

Kachilombo keniekeni kadapezeka mu 1981. Adakapeza ndi Willy Burgdorfer, katswiri wobadwira ku Switzerland, amene ankagwira ntchito ku Montana. Poyang'ana m'matumbo a nkhupakupa zochokera ku chilumba cha Shelter Island ku New York, adaona tizilombo tatitali, topotana ngati sipuling'i. Adatizindikira msanga chifukwa ali wophunzira ku Basel adafufuza tizilombo ta mtundu womwewo m'nkhufi za kuno ku Africa. Mu 1984 kachilomboka kadapatsidwa dzina loti Borrelia burgdorferi pomulemekeza. Ndi ka m'banja limodzi ndi kachilombo koyambitsa chindoko, ngakhale kuti katengedwe kake ndi kosiyana kotheratu.

Kafalidwe kake

Si nkhupakupa iliyonse imene imafalitsa nthendayi. Zofalitsa ndi za mtundu wa Ixodes: kum'mawa kwa America kuli Ixodes scapularis, kumadzulo kwake Ixodes pacificus, ku Ulaya Ixodes ricinus, ndipo ku Asia Ixodes persulcatus. Nkhupakupazi zimatenga tizilombo zili zazing'ono, poyamwa magazi a mbewa ndi mbalame. Zikakula zimakonda kuyamwa nyama zonga agwape zimene zimachuluka m'nkhalango za kumeneko. Sizidumpha ndipo siziuluka. Zimangodikira pa nsonga za udzu kapena m'masamba ogwa, n'kukakamira pa mwendo wa munthu wodutsa.

Zoopsa kwambiri ndi zazing'onozo, pakuti kukula kwake sikufika ngakhale pa njere ya chitowe, ndipo zikamaluma munthu samva kuwawa. N'chifukwa chake odwala ambiri sakumbukira kuti adalumidwapo. Nthawi zambiri nkhupakupa iyenera kukhala ikuyamwa kwa maola oposa 24 kuti tizilombo tilowe m'thupi. Nthendayi sitipatsirana pogwirana chanza, podyera m'mbale imodzi kapena pogona chipinda chimodzi ndi wodwala.

Bungwe loona za matenda ku America la CDC lidalandira malipoti a odwala oposa 89,000 m'chaka cha 2023 chokha. Koma powerengera mabuku a makampani a inshuwalansi, bungweli lidanena mu 2021 kuti anthu pafupifupi 476,000 amapatsidwa mankhwala a nthendayi chaka chilichonse m'dzikomo. Ku Britain imadziwika kwambiri kumapiri a kumpoto kwa Scotland ndi m'nkhalango za kumwera kwa England, monga New Forest.

Zizindikiro ndi kapimidwe

Chizindikiro choyamba ndi banga lija. Limatuluka pamalo polumidwa pakadutsa masiku a pakati pa 3 ndi 30, ndipo limaoneka pa odwala 70 mpaka 80 mwa 100 aliwonse. Limakula pang'onopang'ono mpaka nthawi zina kufika masentimita 30. Kawirikawiri siliyabwa kapena kuwawa kwambiri. Nthawi zina pakati pake pamayera, n'kukhala ngati mkombero mkati mwa mkombero unzake. Pamodzi ndi bangali munthu amatha kutentha thupi, kumva litsipa ndi kuphwanya m'thupi, ngati amene wagwidwa ndi malungo kapena chimfine.

Pano pali mfundo yofunika kwa abale athu okhala kunja. Zithunzi zambiri za m'mabuku a madokotala ndi za anthu a khungu loyera, pamene bangali limaoneka lofiira kwambiri. Pa khungu lakuda limatha kuoneka ngati malo oderapo chabe, kapena ngati pamene munthu wagunda chinthu magazi n'kuundana. Kafukufuku wa ku America wasonyeza kuti anthu akuda kawirikawiri amapezeka ndi nthendayi mochedwa, itafika kale m'mawondo kapena m'mitsempha. Choncho amene wayenda m'nkhalango kapena m'udzu wautali m'maiko amenewo, kenaka n'kudwala, ayenera kumuuza dokotala za ulendowo osadikira kufunsidwa.

Nthendayi ikapanda kuchizidwa, tizilombo timafalikira. Pakatha milungu ingapo timatha kupuwalitsa mbali imodzi ya nkhope, kuumitsa khosi, kuchititsa dzanzi kapena ululu wolasa m'manja ndi m'miyendo. Kwa odwala ochepa, pafupifupi mmodzi mwa 100, timasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo zimenezi zimafuna chipatala mwamsanga. Pakatha miyezi timatupitsa molumikizana mafupa, makamaka bondo.

Dokotala akaona banga lodziwikalo pa munthu amene adali m'dera la nkhupakupa, amapereka mankhwala osadikira kupima magazi. Pa zizindikiro zina zonse magazi amapimidwa kawiri, kupima kwachiwiri kukhala kotsimikiza koyamba. Tiyenera kumvetsa kuti kupimaku sikufuna kachilomboko mwachindunji. Kumafuna asilikali amene thupi limapanga polimbana nako. Asilikaliwa amatenga milungu ingapo kuti achuluke, motero munthu akapimidwa msanga angaoneke ngati alibe nthendayi. Ndiponso amatsalira m'magazi kwa zaka zambiri munthu atachira kale, motero kupezeka kwawo si umboni wakuti tizilombo tikadali ndi moyo. Mikangano yambiri pa nthendayi gwero lake ndi pamenepa.

Mankhwala ake

Mankhwala a nthenda ya Lyme ndi odziwika ngakhale m'zipatala zathu: doxycycline, amoxicillin kapena cefuroxime. Malangizo a ku America a mu 2020 amati wodwala amene ali ndi banga lokha amwe doxycycline kwa masiku 10, kapena amoxicillin kwa masiku 14. Malangizo a ku England a mu 2018 amati masiku 21. Wotupa bondo amamwa kwa masiku 28. Nthendayi ikafika mu ubongo kapena ikasokoneza kwambiri mtima, wodwala amalandira ceftriaxone kudzera m'mitsempha kwa milungu iwiri kapena itatu. Ochuluka amachira, makamaka amene ayamba mankhwala msanga.

Pamene zizindikiro zikana kuchoka

Kwa odwala ena mankhwala amatha koma mavuto satha. Amadzuka m'mawa ali otopa ngati achezera usiku wonse kumunda. Minofu ndi molumikizana mafupa zimawawa, lero apa mawa apo. Tulo sitibwera bwino. Amaiwala mawu ali pakati polankhula, amawerenga ndime imodzi katatu osagwira tanthauzo lake. Ena amachita chizungulire akaimirira. Zimenezi zikapitirira miyezi 6 munthu atamaliza mankhwala oyenera, ndipo zikumulepheretsa ntchito zake, madokotala amazitcha Post-Treatment Lyme Disease Syndrome, mwachidule PTLDS, kutanthauza mavuto otsalira pambuyo pa chithandizo.

Kodi ndi angati amene zimawachitikira? Gulu la dokotala John Aucott pa yunivesite ya Johns Hopkins lidatsatira odwala amene adapezeka msanga ndi kuchizidwa bwino. Mu 2022 lidalengeza kuti pafupifupi 14 mwa 100 aliwonse adali ndi mavutowa, pamene mwa anthu amene sadadwalepo Lyme ndi 4 okha mwa 100 amene adali ndi mavuto ofanana nawo. Izi zikusonyeza kuti odwalawa sakunama ndipo sakudzinamiza. Zikusonyezanso kuti kutopa ndi kuphwanya m'thupi zimapezeka ndi mwa anthu amene nkhupakupa sidawalumepo.

Akatswiri akufufuza zifukwa zingapo. Choyamba ndi chakuti chitetezo cha m'thupi, chitadzutsidwa ndi tizilombo, chimakanika kubwerera mwakale, n'kumapitiriza nkhondo mdani atapita. Chachiwiri ndi chakuti zidutswa za tizilombo takufa zimatsalira m'thupi n'kumaputa chitetezocho. Mu 2019 Brandon Jutras ndi anzake adapeza zidutswa za chikopa cha kachilomboka m'madzi a m'mawondo a odwala amene adali atamwa kale mankhwala. Chachitatu ndi chakuti mitsempha imene idavulala imachedwa kupola, kapena imazolowera kutumiza uthenga wa ululu. Enanso akufufuza ngati tizilombo tochepa tingabisale mankhwala osatipeza. Chiyambire mliri wa COVID-19 mu 2020, pamene anthu ambiri adatsala ndi kutopa kosatha atachira, madokotala ambiri avomereza kuti matenda ena opatsirana amasiya mavuto otere m'mbuyo mwawo. Mu 2025 bungwe la akatswiri a sayansi ku America la National Academies lidatulutsa lipoti lolimbikitsa kuti kufunafuna chithandizo cha odwalawa kusachite kudikira kuti chifukwa chenicheni chidziwike kaye.

Mkangano pa dzina ndi pa mankhwala

Mawu oti Lyme wamgonagona amanenedwa ndi anthu osiyanasiyana potanthauza zinthu zosiyana. Ena amanena za odwala a PTLDS amene tawafotokozawa. Ena amanena za anthu amene nthenda yawo idachedwa kudziwika, ndipo sadalandirebe chithandizo. Koma enanso amapereka dzinali kwa munthu aliyense wotopa ndi womva ululu, ngakhale palibe umboni wakuti adatengapo kachilomboka. N'chifukwa chake madokotala ambiri salikonda dzinali.

Ku America nkhaniyi idagawanitsa madokotala. Bungwe lalikulu la akatswiri a matenda opatsirana, la IDSA, limaphunzitsa kuti mankhwala a milungu yochepa ndi okwanira kupha tizilombo. Bungwe lina, la ILADS, limene lidayamba mu 1999, limati tizilombo tingapulumuke, choncho limalola mankhwala a nthawi yaitali. Mkanganowu udakula mpaka mu 2006 loya wamkulu wa boma la Connecticut, Richard Blumenthal, adayamba kufufuza momwe bungwe la IDSA lidalembera malangizo ake. Gulu lina la akatswiri lidaunikanso malangizowo ndipo mu 2010 lidawavomereza.

Chofunika kwa wodwala ndi zimene kafukufuku adapeza. Mu 2001 gulu la Mark Klempner lidayesa odwala 129. Ena adalandira ceftriaxone kwa masiku 30 kenaka doxycycline kwa masiku 60, pamene ena adalandira zinthu zofanana ndi mankhwala koma zopanda mphamvu. Mapeto ake magulu awiriwa sadasiyane. Mu 2003 gulu la Lauren Krupp lidayesa odwala 55, ndipo lidapeza kuti kutopa kudachepako mwa olandira mankhwala, koma kuiwala sikudasinthe, ndipo ena adagonekedwa m'chipatala chifukwa cha zovuta za chithandizocho. Mu 2008 gulu la Brian Fallon lidayesa odwala 37 ndi mankhwala a milungu 10. Nzeru zawo zidatsegukako poyamba, koma phindulo silidakhalitse. Mu 2016 madokotala a ku Netherlands adayesa odwala 281, ndipo adapeza kuti kuonjezera milungu 12 ya mankhwala sikudawathandize kuposa anzawo.

Kuopsa kwa mankhwala a nthawi yaitali nakonso n'kodziwika. Amapha tizilombo tothandiza ta m'matumbo, n'kuyambitsa kutsegula m'mimba koopsa. Kachubu kamene amaika m'mtsempha kwa miyezi kangakhale khomo la tizilombo tina. Mu 2017 bungwe la CDC lidafotokoza za odwala asanu amene adavulala ndi chithandizo chotere, ndipo mayi wina mwa iwo adamwalira tizilombo titalowa m'magazi. Palinso kuopsa kwina: mu 2015 madokotala adalemba za odwala atatu amene ankachizidwa Lyme wamgonagona pamene adali ndi zotupa, wina m'mapapo, wina pansi pa ubongo, wina khansa ya m'mwanabele. Dzina lolakwika lidawachedwetsa kulandira chithandizo choyenera.

Tisafulumire kuweruza odwala amene amathamangira kwa olonjeza machiritso. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ambiri amapita kumeneko atatopa ndi kuuzidwa kuti alibe vuto lililonse. Woimba wa ku Canada, Avril Lavigne, adaulula mu 2015 kuti adagona pabedi miyezi isanu ndi nthendayi, ndiponso kuti adayenda kwa madokotala angapo isanadziwike. Ngati zidatero kwa munthu wotchuka ndi wachuma, nanga kwa mlendo wogwira ntchito ya tsiku ndi tsiku?

Njira zopezera bwino

Uthenga wolimbikitsa ndi wakuti odwala ambiri amapeza bwino m'kupita kwa nthawi, ngakhale kuti zimatenga miyezi yambiri. Pakadali pano palibe mankhwala amodzi ochotsa mavuto onse, koma pali zambiri zimene zimathandiza.

Choyamba ndi kutsimikiza kuti vuto ndi limenelidi. Dokotala wabwino amaona ngati wodwala adalandira mankhwala oyenera poyamba paja, ndiponso ngati sadalumidwenso, pakuti munthu angatenge nthendayi kachiwiri. Amaonanso matenda ena amene nkhupakupa yomweyo imanyamula. Imodzi mwa iwo ndi babesiosis, imene imalowa m'maselo ofiira a magazi ngati malungo, ndipo ili ndi mankhwala akeake. Pomaliza amapima matenda ena otopetsa thupi monga kuchepa kwa magazi, shuga, vuto la chithokomiro, nyamakazi za mitundu ina, kubanika kutulo ndiponso matenda a nkhawa. Ambiri mwa amenewa ali ndi chithandizo chodziwika.

Chachiwiri ndi kuchiza vuto lililonse palokha. Ululu wa m'mitsempha uli ndi mankhwala ake osiyana ndi a mutu wamba. Bondo likapitiriza kutupa tizilombo titafa kale, katswiri wa nyamakazi amapereka mankhwala ochepetsa kutupa, nthawi zina jakisoni wa m'bondo momwemo. Wochita chizungulire poimirira amathandizidwa ndi kumwa madzi okwanira ndi kudzuka pang'onopang'ono. Wosowa tulo amaphunzitsidwa kugona ndi kudzuka pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse.

Chachitatu ndi kuphunzira kugawa mphamvu. Odwala ambiri tsiku limene adzuka bwino amafuna kugwira ntchito zonse zimene zidatsalira, kenaka amagona masiku atatu osadzuka. Nzeru ndi kusiya ntchito mphamvu zisanatheretu, kupuma, ndi kuonjezera pang'ono pokhapokha thupi likalola. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Kulemba m'kabuku zimene wachita ndi m'mene wamvera, monga ankachitira Mayi Murray, kumathandiza wodwala kudziwa malire ake, ndiponso kumathandiza dokotala kuona ngati zinthu zikusintha. Kwa amene akuiwala, kulemba zofunika papepala kapena m'foni ndi kuchita chinthu chimodzi pa nthawi kumachepetsa chisokonezo.

Chachinayi ndi kusamalira mtima. Munthu amene adali wamphamvu, lero akulephera kukwera masitepe, amamva chisoni chofanana ndi cha wofedwa. Kuonana ndi mlangizi sikutanthauza kuti matendawo ndi ongoganizira. Ndi njira yothandiza munthu kusenza katundu amene alipodi. Wodwala akayamba kunena kuti moyo ulibenso phindu, abale asazengereze kumutengera kwa dokotala.

Chachisanu ndi kuchenjera ndi ogulitsa chiyembekezo. Pa intaneti pali malo opimira magazi amene njira zawo sizidavomerezedwe, ndipo amapeza nthendayi ngakhale mwa anthu athanzi. Pali ogulitsa zitsamba, makina ndi madiripi a ndalama zambiri, mwinanso oitanira odwala kuzipatala za m'maiko ena. Mabanja ena agulitsa katundu ndi kulowa m'ngongole chifukwa cha zimenezi. Tisanatumize ndalama kapena kuyambitsa chopereka, tifunse mafunso atatu. Kodi chithandizochi chidayesedwa pa odwala angati, ndipo zotsatira zake zidalembedwa kuti? Kodi kuopsa kwake n'kotani? Kodi amene akuchilimbikitsa ndi yemwenso akuchigulitsa? Safunsa adadya phula. Wodwala amene akumwa zitsamba kapena mavitamini amuuze dokotala wake, chifukwa zina zimalimbana ndi mankhwala kapena kuononga chiwindi.

Udindo wa abale ndi oyendera odwala

Chimene chimapweteka odwala ambiri kuposa ululu ndi mawu oti, "Komatu mukuoneka bwino." Nthenda yopanda bala anthu amaitenga ngati ulesi. Mbale wathu amene ali kunja amavutika kawiri. Kumene aliko akulephera kugwira ntchito maola ambiri monga kale, ndipo kuno kumudzi ena akumunena kuti watiiwala chifukwa ndalama zasiya kubwera. Ena amafulumira kunena kuti walodzedwa ndi achibale ansanje, n'kuyambitsa udani pa nthenda imene idadza ndi kanthu kochepera njere ya chitowe.

Ife amene timayendera odwala m'miphakati yathu tikudziwa kuti matenda a mlungu umodzi amadzaza nyumba ndi alendo, koma a zaka ziwiri amasiya wodwala yekha ndi womusamalira. Zimene tafotokozazi zikukhudzanso odwala athu a matenda ena amgonagona. Thandizo loyamba ndi kumvetsera ndi kukhulupirira kuti munthuyo akuvutikadi. Kumukhulupirira sikutanthauza kuvomereza njira iliyonse imene wamva, ndipo mnzake weniweni ndi amene angamufunse modekha za chithandizo chokayikitsa popanda kumunyoza. Thandizo lachiwiri ndi la manja: kumuperekeza kuchipatala ndi kumulembera zimene dokotala wanena, kumuphikira, kumutengera ana kusukulu. Kwa amene ali kutali, foni yongofunsa m'mene wadzukira, yopanda pempho lililonse, ndi mankhwala pawokha. Tisaiwalenso mkazi, mwamuna kapena mwana amene akudwazika, pakuti nayenso amatopa. Mutu umodzi susenza denga.

Kupewa

Katemera woyamba wa nthendayi, LYMErix, adavomerezedwa ku America mu 1998 koma adachotsedwa pamsika mu 2002. Mu 2022 makampani a Pfizer ndi Valneva adayamba kuyesa katemera wina pa anthu masauzande angapo. Chitetezo cha tsiku ndi tsiku ndi kupewa kulumidwa. Woyenda m'nkhalango kapena m'udzu m'maiko amenewo avale thalauzi lalitali n'kulipisira m'masokosi, adzole mankhwala othamangitsa tizilombo, ndipo ayende pakati pa njira. Pobwera kunyumba asambe ndi kudziyang'ana thupi lonse, makamaka m'khwapa, kuseri kwa mawondo, m'mphechepeche, kuseri kwa makutu ndi m'tsitsi. Ana ndi agalu ayang'anidwenso.

Nkhupakupa ikapezeka, aigwire ndi kachitsulo kopanira kosongoka, pafupi penipeni ndi khungu, n'kuikoka molunjika mosaipotokola. Asaiotche ndi moto kapena kuipaka mafuta. Atsuke pamalopo, alembe tsikulo, ndipo ayang'anire khungu lake kwa mwezi wathunthu. M'madera amene nthendayi ndi yochuluka, dokotala angapereke doxycycline womwa kamodzi kokha pasanathe maola 72 chichotsereni nkhupakupayo.

Nanga kwathu kuno?

Lyme ndi nthenda ya maiko a kumpoto. Munthu wa kuno amene sadapiteko, akamamva kutopa kosatha ndi kuphwanya m'thupi, ayambe wapimitsa matenda amene tili nawo pafupi: malungo, kuchepa kwa magazi, chifuwa chachikulu, HIV, shuga ndi ena otero. Komabe nkhupakupa za kuno nazonso zili ndi matenda ake. Nkhufi, zimene zimabisala m'ming'alu ya makoma ndi pansi pa nyumba zozira n'kumaluma usiku, zimafalitsa mbale wake wa kachilombo ka Lyme, kotchedwa Borrelia duttonii. Kameneka kamayambitsa kutentha thupi kumene kumatha masiku angapo n'kubweranso, ndipo n'kodziwika kwambiri m'chigawo chapakati cha Tanzania. N'koopsa makamaka kwa amayi oyembekezera ndi ana. Nkhupakupa za ng'ombe ndi nyama zakutchire kumwera kwa Africa zimafalitsanso malungo a mtundu wina, amene amasiya kachilonda kakuda pamalo polumidwa. Matenda awiri onsewa amachizika ndi mankhwala a kuchipatala. Choncho amene akutentha thupi mobwerezabwereza, koma akapimidwa malungo sapezeka, atchule kwa dokotala ngati walumidwa ndi nkhufi kapena nkhupakupa. Chimodzimodzinso mbale amene wabwera kutchuthi kuchokera ku Ulaya kapena ku America, akadwala ali kuno, anene kumene wachokera ndi malo amene adayendako.